Musamuuze kuti wakula musanamuyeze

Achemwali anga anali ndi zaka 47 pamene msambo wawo unayamba kuchepa. Mwezi wina kadontho chabe pansalu, mwezi wotsatira osaoneka n'komwe. Iwo anangoti nthawi yakwana, ndipo mumtima anakondwera, poti ana asanu anali atawakwanira kale. Koma chinthu chimodzi chinakana kuchoka. Masiku amene ankayenera kukhala kumwezi akafika, pachinena pankapota ngati wina akufinya nsalu yonyowa m'kati mwawo. Ululu unkatsikira kumsana ndi m'ntchafu. Mayi amene ankalawirira tambala woyamba kukapikula tomato ankagona chopinda pamkeka, botolo la madzi otentha atalikulunga m'chitenje n'kulikanikiza pamimba. Pakapita masiku anayi kapena asanu ankadzuka, n'kubwerera kumsika, kudikira mwezi wina.

Anapita kuchipatala katatu, ndipo katatu konse yankho linali limodzi: "Amayi, zaka zanuzi n'zosiyira kusamba. Thupi likusintha. Kamweni panado." Palibe amene anawauza kuti akwere pabedi awaone. Kabuku kawo ka kuchipatala ankakatsegula patsamba loyera kuti alembepo mankhwala, pamene masamba atatu kumbuyo kwake kunali nkhani yonse: zaka ziwiri m'mbuyomo, poyezetsa khomo la chiberekero, anawapeza ndi malo amene akanadzasanduka khansa, ndipo anawadula kachigawo kodwalako ndi kawaya ka magetsi.

Mwezi wachisanu ndi chitatu ndinawaperekeza ndekha kuchipatala chokulirapo. Namwino wachikulire amene tinamupeza anafunsa funso limene ena onse sanafunse: "Ululuwu umangobwera chibwerebwere, kapena uli ndi masiku ake?" Achemwali anawerenga pazala, n'kunena kuti umabwera cha pakati pa mwezi uliwonse, sulephera. Namwino uja anabwerera m'mbuyo m'kabuku, n'kuwatengera kuseri kwa katani. Potuluka anati, "Pakhomo pali posalala ngati pachikhatho. Kabowo sikakuoneka." Sikani inaonetsa chiberekero chotupa, chodzaza magazi. Mawa lake anawalowetsa kufiyeta kwa nthawi yosakwana ola. Ine monga gadiyani ndi amene ndinachapa zitenje zawo usiku umenewo, ndipo sindidzaiwala zimene ndinaona m'beseni: magazi akuda bii, okhuthala ngati phula losungunuka. Unali msambo wa miyezi isanu ndi itatu umene unasowa potulukira. Achemwali anali asanasiye kusamba ayi. Khomo linali litatsekeka.

Ndikulemba izi ndi mkwiyo umene sunathebe, ndipo mkwiyowo si wa kwa namwino mmodzi wotopa amene patsogolo pake pali mzere wa anthu 80. Ndakwiyira kaganizidwe kamene kazika mizu m'zipatala zathu, m'mabanja mwathu ndi m'mitu mwathu ife amayi tomwe, koti mkazi akayandikira zaka 50 chiberekero chake chatha ntchito, ndiye chilichonse chimene chingachitike mmenemo ndi ukalamba. Ali ndi pakati timamuyeza mwezi ndi mwezi kusikelo, timamupima magazi, timamupatsa neti, timamuitanira ambulansi. Akangosiya kutibalira ana, mawu atatu okha amamukwanira: mwakula, kamweni panado.

Vutoli azachipatala amalitchula kuti cervical stenosis. Dzinali limasokoneza, chifukwa amatchulanso nalo vuto lina la mafupa a m'khosi, losagwirizana n'komwe ndi nkhani yathuyi. Khomo la chiberekero ndi mnofu wolimba wotalika pafupifupi masentimita atatu, ndipo pakati pake pali kanjira kochepa kuposa pensulo. M'kanjira kameneka ndi momwe mumadutsa msambo, momwemo mumalowa mbewu ya abambo, ndipo ndi komweko kamene azamba amakayeza pa nthawi yobereka mpaka katatseguka masentimita 10. Kakachepa mopitirira, kapena kakamatirira n'kutsekeka, zimene zimayenera kutuluka zimatsalira m'kati.

Zotseka njirayi n'zodziwika. Mayi akamayandikira kusiya kusamba, zimene kwa ambiri zimachitika pakati pa zaka 45 ndi 55, mahomoni a estrogen amachepa m'thupi. Minofu ya kumusi imaonda, imauma, imataya kutanuka kwake, ndipo khomo limafota. Pamwamba pa izi pamabwera zipsera. Khomo limene linang'ambika pobereka, limene linatsegulidwa kangapo potsuka m'chiberekero pathupi patapita padera, limene linadulidwa kapena kuwotchedwa pochotsa chiyambi cha khansa, limapola ndi chipsera, ndipo chipsera chimakoka mnofu monga aliyense amene anapsapo ndi moto akudziwira. Amene analandira chithandizo cha cheza chopha khansa nawonso njira yawo imatha kuchepa. Ndipo nthawi zina chotseka khomo chimakhala khansa yeniyeniyo, ikukula m'kati mwa kanjirako momwe diso silifika. Mayi wa zaka za m'ma 40 amene anadulidwapo pakhomo ali pamphambano pamene ziwiri zoyambazi zimakumana: chipsera chikukoka, mahomoni amene akanafewetsa mnofu akutha, msambo umene unkatsuka njira mwezi ndi mwezi ukubwera mwa apo ndi apo, koma sunalekeretu.

Apa ndi pamene pali msampha. Mtsikana wa zaka 25 akasiya kuona msambo n'kumamva kupota, aliyense amadzidzimuka, amamuyeza. Mayi wa zaka 47 akanena zomwezo, zaka zake zimayankha m'malo mwa dokotala. Koma kusiya kusamba kwenikweni kumatsimikizika pakapita miyezi 12 popanda msambo, ndipo sikubwera ndi ululu wosunga kalendala. Chiberekero chimene chapuma sichipota tsiku lomwelomwelo mwezi uliwonse. Ichi si chinsinsi cha akatswiri a ku Queen Elizabeth kapena Kamuzu Central okha. Ndi funso limodzi limene aliyense wovala yunifolomu yoyera angafunse, lotsatiridwa ndi mphindi zisanu kuseri kwa katani.

Magazi akatsekeredwa sakhala phee. Amatupitsa chiberekero, amatha kubwerera m'mbuyo kudzera m'machubu n'kukatayikira m'mimba, ndipo tizilombo tikalowamo amasanduka mafinya. Mayi wachikulire amene akumva kuphwanya m'thupi, kutentha, ndi kulemera pachinena, mwina n'kumatuluka timadzi tonunkha mwa kamodzikamodzi, ambiri timathamangira kunena kuti ndi malungo. Choopsa china n'chachete. Mayi amene anasiya kusamba akaonanso magazi, chimenecho ndi chizindikiro choyamba chimene chimathandiza kugwira msanga khansa ya m'kati mwa chiberekero. Khomo likatsekeka, belu limenelo silimveka. N'chifukwa chake dokotala wosamala akatulutsa magazi kapena mafinya mwa mayi wa msinkhu uwu, samangomuuza kuti zatha, pitani. Amatengako kamnofu ka m'kati n'kutumiza kukapimitsa.

Si mayi aliyense amene njira yake yachepa ayenera kuchitidwa kanthu. Ambiri amene anasiyiratu kusamba khomo lawo limachepa mwachibadwa, alibe ululu, m'kati mulibe chotsekeredwa, ndipo kuwasiya ndi mtendere ndiye nzeru. Chithandizo chimafunika pamene pali ululu, pamene magazi, madzi kapena mafinya adzaza m'kati, pamene lupu imene inaikidwa zaka zapitazo ikukanika kutuluka, kapena pamene pakufunika kulowa kukatenga kamnofu kokapima koma njira palibe.

Ndipo chithandizocho, chimene chimandiwawa kwambiri, si chodula. Njira yoyamba ndi kutanula khomo ndi tizitsulo tosalala, tobulungira kunsonga, tosiyana kukula kwake ndi milimita imodzi kapena theka. Dokotala wa ku Germany, Alfred Hegar, anatulukira tizitsulo totere mu 1879, ndipo mpaka lero timatchedwa ndi dzina lake. Amayamba ndi kochepetsetsa, n'kudikira mnofu ulole, kenako kotsatira, pang'onopang'ono mpaka njira itatseguka. Tizitsulo timeneti si tachilendo kwa ife. Tili m'zipatala za maboma, m'thireyi yomweyo imene amagwiritsa ntchito pothandiza mayi amene wapita padera. Makilinikolo ofisa, amene asenza maopaleshoni ambiri a amayi m'maboma a dziko lino, amatidziwa bwino. Chosiyana n'chakuti khomo la mayi wa zaka 48 lokhala ndi chipsera si khomo lofewa la mayi amene anali ndi pakati dzulo. Ndi louma, ndipo ukalikakamiza chitsulo chimaboola njira yakeyake m'mbali, kapena kubowola chiberekero chenicheni. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene amaidziwa ntchitoyi amabaya kaye mankhwala ochititsa dzanzi pakhomopo kapena kumugoneka mayiyo, ndipo pamene pali povuta mnzake amagwira sikani pamimba kuti aziona kumene chitsulo chikulowera.

Pali zofewetsa mnofu chitsulo chisanafike. Misoprostol, mankhwala amene azamba athu amawadziwa poletsa kutaya magazi mayi akachira, amafewetsa khomo akaikidwa kumusi maola angapo ntchito isanayambe. Kwa mayi amene mahomoni ake atsika kale, mankhwalawa paokha sagwira bwino, ndiye madokotala amayamba am'patsa estrogen wopaka kapena woika kumusi kwa milungu iwiri kuti mnofu ubwererenso mphamvu. Estrogen ameneyu si wogula mwachisawawa pakauntala. Mayi amene anadwalapo khansa ya m'mawere, kapena amene akutaya magazi osadziwika chifukwa chake, ayenera kukambirana kaye ndi dokotala. Palinso timitengo touma ta laminaria, chomera cha m'nyanja zamchere, timene amatilowetsa m'kanjirako n'kutisiya usiku. Timayamwa chinyezi, n'kufufuma, n'kutsegula khomo mosakakamiza. Pamene chipsera chaphimbiratu pakamwa pa njira, monga zinalili ndi achemwali, dokotala amacheka pang'ono kapena kusenga kachipserako kuti apeze polowera. M'zipatala zimene zili ndi kamera yopyapyala yolowera m'chiberekero, amatsata njirayo akuiona ndi maso.

Mbali imene odwala ambiri sauzidwa ndi yakuti khomo lotsegulidwa limakonda kutsekekanso. Chipsera sichiiwala. Pofuna kupewa zimenezi ena amasiya kapaipi kofewa m'njiramo kwa masiku kapena milungu ingapo kuti mnofu upole mozungulira, ena amaika lupu, ena amamuuza mayi kuti azibwera kudzaonedwa mpaka msambo utalekeratu. Zonsezi zimafuna chinthu chimodzi chimene dongosolo lathu la zaumoyo limalephera kawirikawiri: kumukumbukira munthu atatuluka pageti.

Njira yomaliza ndi kuchotsa chiberekero. Ili ndi malo ake. Ngati njira yatsegulidwa kangapo n'kumatsekekabe, ngati mafinya akubwererabwerera, ngati pali chikaiko cha khansa ndipo palibe njira ina yotsimikizira, opaleshoniyi imapulumutsa moyo. Chimene ndikukana ndi mawu aja amene amanenedwa mopepuka kwa amayi a msinkhu uwu: "Poti ana muli nawo kale, tingochotsa." Achemwali anawamvapo mawu amenewa pabenchi, kuchokera kwa amayi anzawo amene anauzidwa zomwezo. Kuchotsa chiberekero ndi opaleshoni yaikulu. Pamafunika magazi osungira m'dziko limene nkhokwe zake za magazi sizikhala zodzaza, pali ngozi yovulaza chikhodzodzo kapena njira za mkodzo, ndipo pamatenga milungu isanu ndi umodzi kapena kuposa munthu asananyamule ndowa kapena kugwira khasu. Kwa mayi amene banja lonse limadya kuchokera pabenchi lake la tomato, milungu imeneyo ndi njala. Akachotseratu ndi mabasiketi a mazira, mayi amene anali asanasiye kusamba amagwera m'kusiya kusamba tsiku limodzi, thupi lisanakonzeke. Munthu ali ndi ufulu womva njira zonse, kuyambira yaing'ono, n'kusankha yekha. Kukhala ndi ana asanu si chilolezo choti ena amusankhire.

Tsopano ndifike pamene ena andikwiyire. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi kwambiri padziko lonse. Chiwerengero cha bungwe la WHO cha 2020 chinaonetsa kuti amayi oposa 4,000 amapezeka ndi khansayi m'Malawi chaka chilichonse, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira nayo. Amayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chochuluka kasanu ndi kamodzi kuposa anzawo. Ntchito imene yachitika polimbana ndi mliriwu ndi yoyamikika. Kuyeza ndi viniga kwafika m'zipatala zambiri. Chipatala cha Nkhoma chinatsogolera kuyambira 2013 njira yowotcha malo odwala ndi kachipangizo kotentha tsiku lomwelo loyeza. Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019. Madokotala a bungwe la MSF anayamba kugwira ntchito ndi boma ku Queen Elizabeth mu 2018. Achemwali anga ali moyo lero chifukwa cha ntchito imeneyi, ndipo atandifunsa ngati akanachita bwino kukana kudulidwa kuja, ndinawayankha mosazengereza kuti ayi. Chipsera chimatsegulidwa. Khansa yofalikira ilibe chitsulo chotsegulira.

Koma walira mvula walira matope. Amene wadula mnofu wa munthu ali ndi udindo pa chipsera chake. Kuwotcha kapena kuziziritsa malo odwala sikutseka khomo kawirikawiri. Kudula ndi kawaya, kumene amakutcha LEEP, kumatseka mwa ochepa pa amayi 100 aliwonse, ndipo chiopsezo chimakwera pamene kudulako kwalowa mozama, pamene kwabwerezedwa, ndiponso pamene mayiyo ali pafupi kusiya kusamba. Ochepa pa 100 ndi ochepa pa pepala. Tikamayeza amayi zikwizikwi chaka ndi chaka, monga tikuyenera kuchitira, ochepawo amasanduka anthu enieni okhala ndi mayina, ogona pamkeka ndi botolo la madzi otentha. Tsiku lodulidwa achemwali anauzidwa bwino kuti asakhale malo amodzi ndi alamu kwa milungu ingapo, kuti timadzi tidzatuluka, kuti akataya magazi ambiri abwerere msanga, ndiponso kuti adzabwere chaka chikatha. Palibe anawonjezera chiganizo chimodzi: msambo ukadzachepa kapena kusowa koma ululu wake n'kumabwerabe, musadzati ndi ukalamba, mudzabwere. Chiganizo chimenecho sichifuna thandizo la mayiko akunja.

Ndinakambirana zimenezi ndi mnzanga wina wogwira ntchito zaumoyo, ndipo anandiuza mosabisa chimene amaopa. Anati amayi ambiri amathawa kale kuyezetsa chifukwa cha mphekesera zakuti akakuyeza amakuchotsa chiberekero kapena kukutseka kubereka, ndiye ukawauzanso kuti khomo likhoza kutsekeka, mzere wonse ubalalika. Mantha ake ndikuwamvetsa, koma sindikugwirizana naye. Mphekesera zimamera pamene choonadi chabisidwa. Mayi amene wadwala miyezi isanu ndi itatu osadziwa chifukwa, kenako n'kumva kuti gwero lake ndi kudulidwa kuja kumene sanachenjezedwe, adzakauza mudzi wonse pachitsime kuti kuchipatala anamuwononga. Mayi amene anauzidwiratu, n'kuzindikira msanga, n'kuthandizidwa m'mphindi 30, adzakanena kuti anthu aja amadziwa ntchito yawo. Amayi a kuno si ana. Amalandira malangizo ovuta a ma ARV, amasunga masiku a jakisoni wolera, amayendetsa banki m'khonde popanda kusokoneza tambala. Chiganizo chimodzi choona sichingawagwetse.

Ena adzati tili ndi mavuto aakulu kuposa awa, amayi akufa pobereka, mankhwala akusowa, bwanji tikutaya nthawi ndi vuto la anthu ochepa. Yankho langa ndi lakuti sindikupempha nyumba yatsopano kapena makina a mamiliyoni. Ndikupempha kuti wolemba mankhwala atembenuze masamba atatu m'kabuku. Ndikupempha kuti mayi wodandaula ululu wa pachinena ayezedwe kumusi ngakhale ali ndi imvi. Ndipo kumuyeza kumeneko sikungogwira vuto lokhali. Diso lomwelo ndi limene lidzaone khansa imene yayamba kutuluka, zotupa za m'chiberekero, chiberekero chotsika, ndi mabala a likodzo amene amayi a m'mbali mwa nyanja amakhala nawo pakhomo zaka zambiri akumwa mankhwala a matenda opatsirana pogonana amene alibe. Maulendo atatu amene achemwali anayenda pachabe anadyanso nthawi ya chipatala, panado wa boma, ndi ndalama za kabaza. Kusayeza si kupulumutsa ndalama.

Pali mpata wina umene Unduna wa Zaumoyo uyenera kuuyang'ana mwachindunji. Ndondomeko yathu yoyeza khomo la chiberekero imalunjika kwa amayi a zaka 25 mpaka 49. Pali chifukwa chomveka: viniga amathandiza pokhapokha malo amene khansa imayambira akuoneka, ndipo mayi akamasiya kusamba malo amenewo amabwerera m'kati mwa kanjira. Ngati kanjirako kachepa, ndiye kuti woyeza akuyang'ana chitseko, nyumba osaiona. Kunena kuti "zili bwino" pamenepo n'kumupatsa munthu chitonthozo chabodza. Mu 2021 WHO inalangiza kuti njira yoyamba yoyezera ikhale kufufuza kachilombo ka HPV, kumene mayi angathe ngakhale kudzitengera yekha timadzi ndi kathonje. Makina a GeneXpert amene ali m'zipatala zathu zambiri poyeza TB amathanso kuyeza HPV. Cholinga cha dziko lonse lapansi, chimene chinakhazikitsidwa mu 2020, n'chakuti pofika 2030 amayi 70 pa 100 aliwonse akhale atayezedwa akamafika zaka 35 ndiponso kachiwiri akamafika 45, ndipo 90 pa 100 mwa opezeka ndi vuto alandire chithandizo. Manambala amenewa ndi abwino, koma amawerenga amene alowa pakhomo la chipatala. Sawerenga mayi amene anathandizidwa ali ndi zaka 45, nafika 50, n'kugwa m'kaundula ali ndi chipsera chimene palibe akuchiyang'anira. Malipoti a pamwezi akhale ndi mzere wa amayi odulidwa amene anabwereranso, ndi amene khomo lawo linapezeka lotsekeka. Chimene sichilembedwa m'kaundula, m'zipatala zathu chimakhala ngati kulibe.

Nafenso kumudzi tili ndi mlandu wathu. Mtsikana akatha msinkhu timamusonkhanira, anankungwi amamulangiza usiku wonse. Akatenga pakati poyamba timamulangizanso. Koma mayi akamafika kumapeto a msambo, amayenda yekha mumdima. Palibe mwambo, palibe malangizo, kupatula manong'onong'o. Achemwali mimba itayamba kutupa, azakhali ena anawauza kuti n'chifukwa chopitiriza kugona ndi amuna awo atasiya kusamba, kuti za abambozo zikuunjikana m'mimba poti palibenso chozitsuka. Anachita manyazi, n'kuyamba kuwakana alamu popanda kufotokoza, ndipo m'nyumba munalowa kuzizira kumene kunatenga nthawi kuti kuthe. Zimene azakhali ananenazo si zoona. Thupi silisunga mbewu ya abambo mwanjira imeneyo, ndipo mayi wosiya kusamba ali ndi ufulu wonse wokhala ndi mwamuna wake. Wina anawapatsa mizu yoti aziika kumusi kuti "itsegule njira". Mwamwayi anaiponya m'dzala. Mnofu wa msinkhu umenewu ndi wopyapyala, zoikaika zimausupula, ndipo bala lililonse latsopano ndi chipsera china. Amayi a mvano, a chigwirizano, inu amene mumakumana Lachinayi lililonse: mwa inu muli anamwino opuma ntchito, muli aphunzitsi. Ola limodzi pachaka lokamba za kusiya kusamba, poyera, ndi mawu ake enieni, lingachotse manyazi amene akugoneka anzanu pamkeka.

Ndipo abambo musaime patali. Ndalama ya ulendo wachinayi wa kuchipatala nthawi zambiri imachokera m'thumba lanu, ndipo mawu akuti "kodi sanakuuze kale kuti wangokula?" atsekereza amayi ambiri pakhonde.

Kwa mayi amene akuwerenga izi ali ndi ululu wobwera ndi masiku ake pamene msambo wasowa, kapena mimba ya m'munsi ikulemera, makamaka ngati munadulidwapo kapena kuwotchedwa pakhomo: pitani ndi kabuku kakale, ngakhale kothothoka, tsegulani nokha tsambalo n'kuliika patebulo. Nenani kuti, "Ndikupempha mundiyeze kumusi, ndipo ngati n'kotheka mundijambule." Akakuuzani kuti khomo latsekeka, funsani ngati m'kati muli chotsekeredwa, ngati atengako kamnofu kokapima, ndi tsiku loti mudzabwerenso. Akatchula zochotsa chiberekero, funsani chimene chikulepheretsa kuyesa kutsegula kaye. Kufunsa si mwano.

Khomo la achemwali linatsekekanso patapita miyezi isanu ndi iwiri. Ulendo uno anazindikira okha mwezi woyamba womwewo, ndipo sanadikire kuti wina awaperekeze. Analitsegulanso, n'kuwasiyira kapaipi kwa masiku angapo. Kamnofu kamene anatenga kanabwera kopanda khansa, ngakhale zotsatira zake tinazidikira miyezi iwiri. Msambo wawo unalekeratu ali ndi zaka 51, mwakachetechete, popanda botolo la madzi otentha. Mwezi watha anapita kukayezetsanso, ndipo woyezayo anawauza moona mtima kuti ndi viniga sakuona chilichonse chodalirika, akufunika kuyezedwa HPV, koma zoyezera zake zinali zitatha. Anawalembera patsamba latsopano kuti adzabwere mwezi wamawa. Madzulo ake anandiimbira foni. "Iwe," anatero, "udzandikumbutse pa 15. Ndipo kabuku kaja ndakasokerera chikuto, kasathothokenso."